Ku Chipata m'mawa, kubwerako madzulo: zingatheke ndi gogo wa miyendo yovuta?

Naphiri wa ku Area 25: Moni nonse abale anga. Ndabwera kudzapempha nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74, kwawo ndi ku Mchinji kwa Mlonyeni koma pano tikukhala nawo kuno ku Lilongwe chifukwa cha miyendo. Mng'ono wawo anakwatiwa ku Zambia kufupi ndi Chipata, ndipo anatisiya zaka zitatu zapitazo. Amayi kumaliro sanapite, anali m'chipatala. Chichokereni apo nkhani ndi imodzi, m'mawa ndi madzulo omwe: "Ndikaoneko ana a mng'ono wanga ndisanatseke maso." Ine tchuthi ndilibe, ndingapeze Loweruka limodzi basi. Ndikufuna tinyamuke mbandakucha, tikaone abalewo, tizungulireko mu tauni ya Chipata ndi ana anga awiri amene sanatulukepo kunja kwa dziko, ndipo ngati nthawi ilola tikafikenso ku Katete chifukwa amayi amatchulatchula ku Mkaika. Madzulo tigone kwathu. Amene munayendako, ndiuzeni zoona: zingatheke?

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Chipata ingatheke bwinobwino, chemwali. Katete ichotseni m'mutu. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Mchinji boma ndi makilomita pafupifupi 110, mudutsa Chitedze, Msundwe, Namitete, kuno kwathu ku Kamwendo, kenako boma. Kuchoka pa boma kufika pa boda ndi makilomita 12. Mukadutsa pa Mwami kwatsala makilomita opitirira pang'ono 20 kuti mulowe mu Chipata. Tsono Katete ili patsogolonso makilomita oposa 80 pa msewu wa ku Lusaka. Werengerani kupita ndi kubwera, muwonjezere gogo amene akufunika kupuma, ana amene amva njala. Mudzangoona misewu, abale osawaona.

Naphiri wa ku Area 25: Zikomo bambo. Nanga tikwere minibasi kapena tipemphe galimoto ya alamu anga?

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Ine ndimawoloka kawirikawiri pa geni yanga, ndiye ndinene zimene ndimaona. Galimoto ndi yabwino kwa gogo, koma kuilowetsa mu Zambia ili ndi mapepala ake. Mufunika buku la galimoto, kalata ya mwini wake yokulolezani poti si yanu, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, chilolezo choitulutsira kwa kanthawi, inshuwalansi yogwira ntchito uko (ambiri timadula Yellow Card ya COMESA), kuphatikizapo misonkho ya mbali ya ku Zambia. Zonsezo pa ulendo wa tsiku limodzi n'zolemetsa. Chimene ndingakulangizeni: yendetsani galimoto mpaka pa Mchinji, muisiye pamalo otetezeka kwa munthu womudziwa, mukwere taxi mpaka pa boda, muwoloke wapansi. Mbali inayo ma taxi a ku Chipata amakhala ali pomwepo kudikira. Gogo mumulipirire mpando wakutsogolo yekha, asapanikizidwe.

Anambewe: Mawu amenewo. Ndiwonjezepo za ana. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo ngati bambo awo sakupita nawo, alembe kalata yovomereza, mutengenso zikalata zakubadwa. Mwina sangakufunseni, koma akakufunsani mulibe, ulendo wathera pomwepo ana akulira. Viza Amalawi sitifuna polowa mu Zambia. Muonenso pasipoti ya gogo kuti siinathe mphamvu, akuluakulu ambiri anaiika m'sutikesi kalekale osaitsegulanso.

Naphiri wa ku Area 25: Ya amayi tinaikonzetsa nthawi imene tinkaganiza zopita nawo kuchipatala kunja, ikadali yamoyo. Ana alinso nazo. Koma ndamva za border pass, imeneyo ndi ya ndani?

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Imeneyo timagwiritsa ntchito ife okhala m'mphepete mwa malire pa maulendo afupiafupi. Inu poti mapasipoti muli nawo musavutike nayo.

Mnyamata wa pa Boma: Kkkk anthu akuluakulu mukuchulutsa mapepala. Kwa Mlonyeni komweko kuli njira zambirimbiri. Kabaza amakuwolotsani m'minda, mphindi zochepa muli mu Zambia, osadinditsa chilichonse. Anthu amapita kumaliro, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi tsiku ndi tsiku.

Anambewe: Ayi mphwanga, usawauze zimenezo. Amene amadutsa m'mindamo ndi anthu a m'midzi yoyang'anana, amadziwana ndi mafumu a mbali zonse, ndipo sapita patali. Awa akukalowa mu tauni ndi gogo wodwala miyendo ndi ana awiri. Akaimitsidwa pa roadblock alibe chidindo, anena chiyani? Gogo atadwalirako mwadzidzidzi, kuchipatala akalongosola bwanji m'mene analowera? Dutsani pa chipata, a Naphiri. Masiku ano zinaphweka. Chitsegulireni boda yatsopano mu 2022, imene anatsegulira limodzi a Chakwera ndi a Hichilema, simuimanso kawiri ngati kale. Mumalowa m'nyumba imodzi, a kwathu akudindani kuti mwatuluka, a Zambia akudindani kuti mwalowa, basi.

Mnyamata wa pa Boma: Ndamva mayi, pepani. Ndimangonena m'mene timakhalira kuno.

Aphunzitsi Jere (opuma): Mnyamatayu wanena mosasamala, koma pansi pa mawu akewo pali choonadi chimene ndikufuna a Naphiri akawafotokozere ana awo panjira. Malire amenewa anadula pakati pa anthu amodzi. Mafumu a Chingoni a ku Mchinji, monga a Mlonyeni ndi a Zulu, mpaka lero amagwadira Inkosi ya Makosi Mpezeni amene ali ku Zambia. Achewa a kuno, a ku Zambia ndi a ku Mozambique onse mfumu yawo yaikulu ndi Kalonga Gawa Undi, amene likulu lake ndi ku Mkaika komwe gogo akutchulako. Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, n'kupha mwana wake Nsingo amene ankatsogolera nkhondo, anakhazikitsa maboma awiri oyang'anana: Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndi Fort Manning, imene lero ndi Mchinji. Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Kuyambira 1953 mpaka 1963 tinalinso m'chitaganya chimodzi, ndipo ufulu tinalandira chaka chimodzi cha 1964, ife pa 6 July iwo pa 24 October. Ndiye mng'ono wa gogo pokwatiwa uko sanaone ngati akupita kudziko lachilendo. Anangopita kumudzi wina wa anthu akwawo.

Ine ndinakulira moyandikana ndi Kachebere, kumene kuli seminale ya Akatolika m'munsi mwa phiri. Tili anyamata tinkakwera phirilo, akulu n'kumatilozera kuti uku ndi kwathu, uko ndi ku Zambia. Maso sankaona kusiyana kulikonse. Chimanga chomwecho, mtedza womwewo, utsi wa m'makhitchini wofanana.

Naphiri wa ku Area 25: Aphunzitsi, mwandikhudza. Amayi amanena zomwezo, kuti ali atsikana ankapita kokavina ku mbali inayo n'kubwerako usiku womwewo. Ndiwawerengera uthenga wanuwu madzulo ano.

Amake Dalitso, Kapata, Chipata: Mwauka bwanji nonse? Ine ndine wa kuno ku Chipata, ndinakwatiwa ndi m'Malawi wa ku Dowa, ndiye gulu ili ndimalitsata. A Naphiri, bwerani, kuno ndi kwanu. Ndikuuzeni za tauni yathu. Siyaikulu, ili m'chigwa pakati pa mapiri, ndipo malo ambiri mungayende wapansi kapena pa njinga za kabaza, zimene kuno n'zochuluka kwambiri. Ana muwatengere ku msika wa Kapata pafupi ndi depoti ya mabasi, ndi ku Saturday Market. Musanyengedwe ndi dzinalo, umatsegulidwa masiku onse. Zitenje mukazipeza ku Down Shops, kumunsi kwa tauni kumene kuli masitolo a amwenye ndi mzikiti waukulu wokongola. Sitolo zimenezi Loweruka zambiri zimatseka masana, ndiye ngati mukufuna chitenje pitani musanadye nkhomaliro. Shoprite iliponso ngati ana afuna zozizira. Amene ali ndi miyendo yolimba amakwera phiri la Kanjala n'kuona tauni yonse pansi, koma gogo kumeneko ayi.

Chilankhulo musaope, timvana. Kungoti ife m'mawa timati "mwauka bwanji", masana "mwachoma bwanji". "Tsopano" timati "manje", ndipo ambiri mudzawamva akuti "nifuna" m'malo mwa "ndifuna". Mukangotsegula pakamwa adzadziwa kuti ndinu a ku Malawi, ndipo amayi a pamsika adzakuuzani kuti Chichewa chanu n'chozama ngati cha m'Baibulo.

Aphunzitsi Jere (opuma): Iwo akuchitchulabe Chinyanja, m'mene ifenso tinkachitchulira kusukulu chisanafike chaka cha 1968.

Chemwali wa ku Joni: Mwandikumbutsa kutali. Mayi anga ankagula zitenje ku Chipata n'kumagulitsa ku Kasungu, sukulu yanga yonse inalipiridwa ndi Down Shops imeneyo. Ndili kuno ku Johannesburg anzanga apamtima ndi a ku Chipata ndi ku Katete, timaphika limodzi nsima Lamulungu, palibe amene amafunsa mnzake pasipoti. A Naphiri, mukalaweko chikanda. Chimaoneka ngati poloni koma ndi cha mizu ya m'dambo yosakaniza ndi nsinjiro, amadula m'zidutswa n'kuthira tsabola. Ana adzachikonda.

Naphiri wa ku Area 25: Nanga ndalama? Apa ndiye ndili ndi mantha.

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Mantha amenewo ndi oyenera. Dzina ndi limodzi, kwacha, koma mphamvu n'zosiyana kutali. Iwo anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2013, ndiye mukamva wogulitsa akuti "fifite kwacha" musathamangire kuti n'zotchipa, muyambe mwawerengera m'ndalama yathu. Yaing'ono yawo ndi ngwee, m'mene yathu ilili tambala. Pa boda anyamata osintha ndalama adzakuzungulirani musanatsike n'komwe m'galimoto, aliyense ndi mpukutu wake m'manja. Ine anandipweteka kamodzi ndikuyamba kumene geni. Mnyamatayo anawerenga ndalama ndikuona, zinakwana, kenako anati dikirani ndionenso, anazitenga n'kuzibweza. Ndikafika ku Chipata ndipeza pakati waikapo mapepala ang'onoang'ono. Mpamba wa mwezi wonse unachepa tsiku limenelo, ndinalira ngati mwana. Ndiye njira yabwino ndi ya ku banki kapena ku bureau, mulandire lisiti. Mufunse mtengo wa tsikulo musananyamuke. Ndalama ikalowa m'manja mwanu mutawerenga, isabwererenso m'manja mwa wina. Ndipo musasinthe zambiri, za taxi, chakudya ndi kamphatso basi, chifukwa zotsala mukamazibweza mumaluza kachiwiri.

Anambewe: Pobwera musunge malisiti a zimene mwagula. Zitenje ziwiri zitatu zovala nokha si nkhani, koma mukadzaza chikwama ndiye kuti ndi katundu wa malonda, muyenera kuonetsa kwa a MRA n'kulipira msonkho. Mbewu zokadzala ndi nyama yaiwisi musanyamule, zili ndi malamulo ake.

Mphwanu wa ku Dedza: Ine ndingofunsa, bwanji anthu mukangoti kuwoloka boda maganizo amathamangira ku Chipata? Ku Dedza kuno boda ili pafupi ndi tauni, mukadutsa pa Calomue mwalowa mu Angonia, mukafika ku Ulongwe. Kumeneko ndiye mwana amadziwa kuti watuluka kunja: zikwangwani za Chipwitikizi, ndalama ndi metikashi, buledi wawo uja wa pão wotentha m'mawa, koma anthu akulankhula Chichewa chomwechi. Kapena pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire, mbatata ya kachewere mukugula mbali iyi kabichi mbali inayo muli m'maiko awiri. Chipata ikufanana kwambiri ndi kwathu, ana sakaona chachilendo.

Amake Dalitso, Kapata, Chipata: Achimwene, ku Ulongwe kulibe ana a mng'ono wa gogo.

Mphwanu wa ku Dedza: Zoona mayi, ndinasiya mutu wa nkhani. Ulendo wachiwiri a Naphiri adzatiyendere kuno.

Aphunzitsi Jere (opuma): Kufananako ndi phunziro palokha, mphwanga. Koma ndibwerere kwa gogo ndi Mkaika wawo. A Naphiri, musawakanize, muwalonjeze nthawi yake. Kulamba kumachitika kumapeto kwa August, mafumu a Achewa a maiko atatu amakapereka ulemu ndi mphatso kwa Gawa Undi, Gule Wamkulu amatuluka wamitundumitundu, anamwali amavina. Pa nthawiyo magalimoto ochokera kuno amakhala ambiri ndipo mungapite ndi gulu n'kukagona komweko. Poti gogo ndi a kwa Mlonyeni, Nc'wala ndi yawonso. Imachitika kumapeto kwa February ku Mtenguleni, pa msewu womwewo wochoka ku Chipata kupita ku Katete. Mpezeni amalawa zipatso zoyamba za m'munda, amabaya ng'ombe yakuda yamphongo, madoda akuponda ingoma nthaka n'kumanjenjemera. Ndinapitako kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinakumana ndi msuweni wanga amene tinasiyana tili ana. Koma masiku a miyambo imeneyi pa boda pamadzaza zedi, si masiku oyendera munthu wofuna kubwerako tsiku lomwelo.

Naphiri wa ku Area 25: Ndamva zonse. Katete ndaichotsa. Funso lomaliza: foni igwira? M'bale wanga, mwana wa malemu, tidzapezana bwanji?

Amake Dalitso, Kapata, Chipata: Netiweki ya ku Malawi imatha mukangopitirira pang'ono pa Mwami, pokhapokha mutatsegulitsa roaming. Kuno tili ndi Airtel, MTN ndi Zamtel, koma kugula simu ya tsiku limodzi n'kutaya nthawi pa kalembera. Mugwirizane lero pa WhatsApp malo ndi ola. Muwauze akudikireni pakhomo la Shoprite, palibe wa taxi amene sapadziwa. Nthawi ndi imodzi ndi ya ku Malawi, wotchi simusintha. Ndipo musapite chimanjamanja, mukudziwa mwambo. Shuga, sopo, mchere, ndi tiyi wa kwanu uja wa Chombe, kuno timamukonda. Ngati mungapeze mpunga wa Kilombero, ndiye mwapha.

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Nyamukani 5 koloko. Pobwera muyesetse kukhala mutawoloka dzuwa lisanalowe. Msewu wa Mchinji usiku uli ndi njinga zopanda magetsi ndi ngolo, makamaka pa Kamwendo ndi pa Msundwe tsiku la msika.

Naphiri wa ku Area 25: Abale anga, ndabwera kudzapereka lipoti, tinapita dzulo. Tinanyamuka 5 koloko itangopitirira, alamu anga anatiperekeza mpaka pa boda iwo n'kubwerera kukacheza kwa anzawo pa boma. Amayi usiku wonse sanagone, 3 koloko anali atasamba kale, atavala chilundu chawo cha ku Mvano, duku atamanga. Pa boda sitinachedwe. Wodinda mapasipoti wa mbali ya Zambia ataona dzina la mudzi wa amayi anawafunsa mfunda wawo, ndipo atamuuza anaseka n'kunena kuti agogo ake aakazi ndi a mfunda womwewo. Amayi kuchokera pamenepo anayenda ngati miyendo siwawa.

Panjira ana anaona njanji ija yochokera ku Mchinji, wa taxi n'kutiuza kuti anaitsegulira mu 2010. Cha m'ma 9 koloko tinali pa Shoprite. M'bale wangayo ndinali nditangomuona pa zithunzi, koma amayi anamuzindikira ali patali, akuti mayendedwe ndi a malemu. Anangomugwira kumaso ndi manja awiri, osalankhula, misozi ili chuchuchu, anthu akudutsa ndi matrole awo. Ine ndinayang'ana kumbali.

Mapulani anga onse a tauni anathera pomwepo. Ndinkati tiyambe Down Shops masitolo asanatseke, koma amayi anati iwo sanabwerere nsalu. Tinakwera taxi ina kupita kumudzi, kunja pang'ono kwa tauni. Tinapeza atisonkhanira, ana a malemu anayi mwa asanu, zidzukulu sindinathe kuwerenga. Anatiphera nkhuku, nsima ya ufa woyera, chibwabwa chotendera, thobwa m'chidebe. Atatha kudya, akuluakulu anakapempha kwa amfumu ndipo anatiperekeza kumanda. Amayi anakhala pansi pafupi ndi mtumbira, anatambasula miyendo, n'kuyamba kumuuza mng'ono wawo nkhani ngati ali moyo: kuti sanabwere chifukwa anali pa bedi la chipatala, kuti nyumba ya kwawo inagwa ndi mvula, kuti mwana wanga wamkazi tinamutcha dzina lake. Mwanayo anali ataima pambali panga, ndipo aka kanali koyamba kumva kuti dzina lake linachokera kuti.

Tinabwerera mu tauni cha m'ma 3 koloko. Down Shops tinapeza atatseka monga munanenera, Amake Dalitso. Phiri la Kanjala tinangoliona ndi maso. Koma ana anakwera kabaza kuzungulira msika wa Kapata ndi msuweni wawo, analawa chikanda (wamkulu anachikonda, wamng'ono analavula), ndipo chitenje chimodzi tinachipeza pa benchi ya mayi wina mumsikamo. Tinawoloka dzuwa lili pamutu pa mitengo, 8 koloko isanakwane tinali ku Area 25.

Chemwali wa ku Joni: Ndawerenga ndili m'basi, ndalephera kudzigwira. Awuzeni gogo kuti wina ku Joni wawapatsa moni.

Bambo a Tiyamike, Kamwendo: Mwayenda bwino chemwali. Ndalama sanakupusitseni?

Naphiri wa ku Area 25: Ayi bambo, ndinachita m'mene munanenera, ndinasintha zochepa ndipo zotsala ndinawasiyira ana a kumudzi.

Amake Dalitso, Kapata, Chipata: Ulendo wina mundiuze, ndidzakulandireni ndine pa Mwami. Gogo ali bwanji lero?

Naphiri wa ku Area 25: Miyendo yatupa, tawaviikira m'madzi ofunda. Koma ali pakhonde, akusenda mtedza wa Chalimbana wokazinga umene anawapatsa adzukulu awo, aliyense wodutsa akumuitana kuti adzalawe wa ku Chipata. M'mawa uno mwana wanga wawapatsa moni kuti "mwauka bwanji agogo", iwo ayankha kuti "tauka". Pano andituma ndifunse kwa Aphunzitsi Jere kuti galimoto za ku Kulamba zimanyamukira pati.

Aphunzitsi Jere (opuma): Awuzeni kuti August akayandikira ndidzawauza ndine. Mpando wakutsogolo ndi wawo.